Lipoti la ku msonkhano wa opanga ndolo, mikanda ndi zibangili munanditumako uja

Moni a pampando, akomiti ndi nonse a m'gulu. Ndabwerako bwino, zikomo kwambiri ponditumako. Ndati ndilembe msanga ndisanaiwale, pepani latalikako koma muwerenge mpaka pansi chifukwa kumeneko kuli zoti tigwirizane.

Munandipatsa mafunso awiri, loyamba lija la katundu wathu yemwe makasitomala akumabweza, lachiwiri lakuti tingayambe bwanji kuphunzitsa ena. Popita ine ndimaona ngati lachiwirili ndi lophweka poti tonse ntchitoyi timaidziwa, koma ndabwerako ndili ndi maganizo ena, ndifotokoza.

Ndiyambe ndi za kubweza katundu. Ndolo zija anthu amati zikuwayabwa makutu mpaka kutuluka timatuza, nthawi zambiri vuto limakhala nickel yemwe amasakanizidwa mu tizitsulo totchipa tokolowekera kukhutu. Anthu ambiri khungu lawo limadana naye, moti ku European Union kuli lamulo loti chinthu chokhalitsa pakhungu chisatulutse nickel wopitirira 0.5 microgram pa square centimetre pa sabata, ndipo cholowa pachiboowo cha khutu malire ake ndi 0.2. Ife timangogula paketi bola ikuwala, sitifunsa. Zibangili zosiya khungu lobiriwira ndi nkhani ina, umenewo ndi mkuwa ukakumana ndi thukuta, ndipo brass nayenso amatero poti ndi mkuwa wosakaniza ndi zinc. Sizivulaza, zimachoka ndi sopo, koma kasitomala timuuze asanagule, asakazionere yekha kunyumba n'kumati tamubera. Chimodzimodzi siliva, chidindo cha 925 chimatanthauza kuti pa magawo 1000 aliwonse 925 ndi siliva, otsalawo kawirikawiri ndi mkuwa woti alimbe, ndipo akada sikuti ndi feki, ndi sulphur wa mumpweya, kungopukuta basi amawalanso. Golide naye 750 ndi 18 karati, 585 ndi 14, 375 ndi 9. Chongokutidwa golide pamwamba tizinena kuti ndi chokutidwa, olo kasitomala asafunse.

Pa waya ndi pomwe ndinachita manyazi. Ma jump ring aja, timphete ting'onoting'ono tolumikizira, zaka zonsezi ine ndakhala ndikutsegula pokoka mbali ziwirizo kuti kayasame. Kumeneko ndi kulakwitsa, kamphetekako kamataya mawonekedwe ake ndipo potseka sikakumananso bwino, pamatsala kampata, ndiye unyolo umapulumuka pompo. Kachitidwe kake ndi kugwira ndi pulayazi ziwiri n'kupotoza, dzanja lina kutsogolo lina kumbuyo, potseka n'kubwezera momwemo mpaka nsonga zikhudzane. Ndikaganiza mikanda ya m'khosi yonse inabwera itaduka ija ndikukhulupirira kuti yambiri inadukira pamenepa, ndipo sindine ndekha m'gulu muno amene amakoka, ndakuonani.

Ophunzitsa ku msonkhanoko anatikumbutsanso za geji ya waya kuti nambala ikamakwera waya amachepa, geji 18 ndi pafupifupi 1 mm, geji 20 pafupifupi 0.8 mm ndipo ndi yomwe ambiri amapangira zokolowekera kukhutu, 24 ndi 26 ndi zokulungira. Waya ukamampinda kapena kummenya ndi nyundo amanka nauma, zomwe ndi zabwino pa chokolowekera choti chisawongoke, koma ukapitiriza amathyoka, ndiye amafunika kumuwotcha kuti afewenso. Ukawotcha umaviika mu asidi uja amati pickle kuti zakuda zichoke, ndipo mmenemo osalowetsamo chopanira chachitsulo, chimapangitsa kuti siliva akutidwe ndi mkuwa n'kufiira, pamafunika chamkuwa kapena chapulasitiki. Solder, yemwe amasungunulidwa polumikiza zitsulo, akakhala ndi cadmium ndiye ayi ndithu, utsi wake ndi poizoni.

Za mikanda sindichedwapo, zambiri mukuzidziwa. Chongoti saizi 11/0 ndi yaing'ono kuposa 8/0, ndipo ya ku Japan ya makampani a Miyuki ndi Toho imakhala yofanana kwambiri kukula kwake, n'chifukwa chake poluka patani imakhala flati, pomwe yosakanikirana kukula imapangitsa chibangili kupindika. Panalinso chionetsero cha dongo la siliva lomwe kampani ya Mitsubishi inayambitsa m'zaka za m'ma 1990, umaumba ngati dongo n'kuwotcha n'kutsala siliva. N'zosangalatsa kuonerera koma kwa ife panopa ndi zapatali, tisataye nazo mtima.

Tsopano za kuphunzitsa. Anatikhazika awiriawiri n'kutiuza kuti aliyense aphunzitse mnzake kupinda kalupu, kamphete kokolekapo, kumapeto kwa waya, koma wophunzitsayo asakhudze waya wa mnzakeyo olo pang'ono, alankhule ndi kuonetsa pa waya wake basi. Kalupu ine ndimapanga ndikucheza, osayang'ana n'komwe, koma amayi anga inu, nditati ndifotokoze ndinangoti kakasi, mawu anali oti "mungopinda chonchi" ndiye mnzangayo akufunsa chonchi bwanji, waya ndimugwire pati pa pulayazi, chozungulira ndi dzanja kapena waya, ine osadziwa choyankha mpaka ndinachita kupanga katatu pang'onopang'ono ndikudziyang'anitsitsa manja kuti kodi ndimatani kwenikweni. Ndi pomwe ndinazindikira kuti ndimayamba ndapinda waya chammbali kaye, kenako kugwira kunsonga kwenikweni, n'kuzunguza mkono kawiri osati kamodzi. Zaka zonsezi sindimadziwa kuti ndimatero. Ndipo kangapo konse manja anga amapita okha kukalanda waya wa mnzangayo kuti ndimukonzere, chomwe ndi chizolowezi chathu tonse tikamaonetsa ana kapena alendo. Ukamulanda chinthu chimatuluka chokongola koma wapanga ndiwe, iye akapita kwawo sangachibwereze.

Zina zomwe anatsindika ndi zoti phunziro loyamba munthu achoke atavala chomwe wapanga yekha, kaya ndolo za mkanda umodzi, osati tsiku lonse kumva mayina a zipangizo. Zida zikhale zokonzeratu m'timapaketi aliyense kake, pulayazi yozungulira kukamwa, yafulati ndi yodulira zikhale zokwanira aliyense chifukwa kubwerekana kumadya theka la nthawi. Wamanzere umukhazike moyang'anizana nawe azikuona ngati pagalasi, osati pambali. Podula waya kansonga kamauluka, ndiye kuphimba ndi chala kapena kuvala magalasi, ndipo za moto zisakhale za tsiku loyamba komanso zizikhala za anthu ochepa oti maso ako akwanire pa onse.

Nkhawa ija ena munanena yoti tikaphunzitsa anthu tikudzipangira opikisana nawo ndinaifunsa. Omwe akhala akuphunzitsa kwa nthawi yaitali sanaikane, akuti zimachitika ndithu, wina amakopera dizaini yako n'kumagulitsa motchipa. Iwo amaphunzitsa luso, kupinda, kuluka, kumanga mfundo, koma madizaini omwe amadziwika nawo sawaika mu kalasi. Ine ndikuona kuti n'zomveka ndipo tingatengere. Pa mitengo anangoti tiziwerengera nthawi yathu ndi yokonzekera kalasi yomwe, osati zipangizo zokha.

Ndiye pempho langa kwa akomiti ndi lakuti kalasi timati tiyambe mwezi wamawa ija tiyambe taimika kaye. Sindikuti tileke, koma sitingaphunzitse anthu kutseka jump ring ife eni tikutseka mosiyanasiyana. Tikakumana ulendo uno aliyense asankhe kanthu kamodzi kakang'ono komwe amakadziwa bwino aphunzitse gulu lonse manja ali pa waya wake yekha, enafe tizimufunsa ngati sitidziwa kalikonse. Tikamaliza kuzungulira tonse tiona oti ayambe kuima kutsogolo ndi ndani, chifukwa wopanga zokongola kwambiri sangakhale yemweyo wofotokoza bwino. Komanso tigwirizane zosiya kugula zokolowekera kukhutu zomwe sizinalembedwe kuti zilibe nickel, zomwe zatsala mu bokosi tiziika padera.

Malisiti a ulendo ndapereka kwa a msungichuma. Pobwera aliyense atenge pulayazi ziwiri ndi chinthu chimodzi chomwe kasitomala anabweza, tidzaone pomwe chinadukira.