Kalata kwa mwana wanga ali ku Zomba

Mwana wanga,

Kuno tadzuka, kupatula mwendo wa amako womwe umawavuta kukayamba kuzizira chonchi. Chimanga tatha kukolola, kachewere wa kudimba tikumba sabata yamawa ngati anyamata aganyu abwera.

Ndasankha kulemba papepala chifukwa pafoni umandidula ndisanamalize. Umangoti "ndamva bambo, ndamva," koma ine ndimadziwa mawu ako ukamva ndi mawu ako ukafuna kuti ndisiye kulankhula. Mlongo wako ajambula kalatayi ndi foni yake akutumizire. Uwerenge yonse, osati poyamba ndi pothera pokha.

Azakhali ako a ku Chinamwali anaimba Lamulungu. Akuti anakuona Loweruka madzulo pakhonde la botolo sitolo uli ndi mnzako uja. Sindimutchula dzina, ukumudziwa, yemwe uja anabwereka jekete yako ya ku ukwati n'kuibweza itapsa ndi ndudu pamkono. Akuti patebulo panali mabotolo ochuluka kuposa anthu, ndipo wodzuka kupita kukauntala unali iwe. Katatu konse. Azakhali ako sanama, amangowonjezera mchere. Koma ngakhale nditachotsa mcherewo, ndiwo yotsalayo sikundikomera.

Ndiye ndinakumbukira kuti unauza amako kuti mnzakoyo akugona m'chipinda chako kugesiti hausi "masiku awiri okha" podikira ndalama zake. Tsopano ino ndi sabata yachiwiri. Ndalama zakezo zikuchokera ku Joni wapansi?

Kuntchito anakutumiza ku maphunziro a masabata atatu, ndipo anakupatsa alawansi ya munthu mmodzi. Iwe mwini unakhala pamphasa pano n'kunena kuti ukagona malo otchipa, ukadya mosamala, yotsalayo ikhale ya chinkhoswe. Sindinakuuze ine zimenezo, unanena wekha, amalume ako ali pomwepo. Akuchikazi tinawapatsa kale mwezi. Ukabwera chimanjamanja amene akaime pamaso pa ankhoswe n'kumameza malovu si mnzako uja. Ndi amalume ako ndi ine. Nkhuyu zodya mwana zimapota akulu.

Zomba ndikuidziwa, mwana wanga, ndipo resiti hausi ya ku Zomba inandiphunzitsa zomwe sindinaphunzire ku koleji. Nkhaniyi amako okha ndi amene akuidziwa. Chinali chaka cha chilala chija, 1992, chomwe maepiskopi analemba kalata yawo ija. Anatituma aphunzitsi ku maphunziro ku Domasi, ndipo titamaliza anatipatsa ndalama zathu m'maenvulopu. M'malo mokwera basi yobwerera ku Ntcheu tsiku lomwelo, ndinati ndione kaye tauni. Ndinapeza kachipinda pafupi ndi depoti, bedi lachitsulo, mpando umodzi, beseni pansi. Madzulo kumsika ndinakumana ndi mnyamata wakwathu yemwe tinaphunzira limodzi pulaimale. Chimwemwe chake! Anandikumbatira ngati mbale wake wobadwa naye. Anati wasowa pogona usiku umodzi wokha. Ndinamugulira Chibuku, ndinamugulira kanyenya, ndinamupatsa bulangete langa. Usiku woyamba zinali bwino. Wachiwiri zinali bwino. M'mawa wachitatu ndinadzuka ndekha, chitseko chili chotsegula pang'ono, buluku langa lili pansi, envulopu palibe.

Mayi mwini nyumbayo sanakalipe. Anangoti, "Aphunzitsi, ine ndinalemba munthu mmodzi m'buku langa, winayo munamulowetsa ndinu." Ndinasiya wotchi yanga ngati chikole, ndipo ya basi anandipatsa mlonda wa pamenepo, mkulu wina wachiyao, kuchokera m'thumba lake. Ndinafika kunyumba usiku, amako ali ndi pakati pa iwe, akudikira ndalama yogulira chimanga ku Admarc. Sanandifunse chilichonse. Anangophika phala la madeya n'kundipatsa. Kufikira lero ndikanakonda akanandikalipira.

Ndiye ukamva ndikubwereza nkhani ya mnzakoyo usati bambo akalamba. Ndikuona buluku langa lija lili pansi.

Sindikunena kuti mnzako ndi wakuba. Mwina sangakutengere kanthu m'thumba. Koma pali kuba kwina komwe munthu amakubera uli maso, ukuseka, iwe mwini ukutulutsa pepala la K5,000 n'kumati "tiwonjezereni ziwiri." Kumeneko sungakadandaule kupolisi.

Mvera tsono za kugesiti hausi. Pita kwa mwini wake lero, ulipiretu masiku onse otsala, akupatse risiti, uisunge m'Baibulo kapena m'buku lako la maphunziro. Ndalama yomwe walipira kale palibe angakubwereke. Uwauzenso kuti chilichonse chodyedwa kapena kumwedwa asamalembe pa chipinda chako pokhapokha iwe mwini utanena, chifukwa ngongole zoterezi zimakula mwakachetechete ngati chiswe, umadzaona tsiku lonyamuka. Yotsalayo isakhale pansi pa pilo. Iike ku Mpamba kapena ku Airtel Money, ndipo nambala yachinsinsi ikhale m'mutu mwako mokha. Foni usampatse munthu kuti "ndingoimba kamodzi." Kapena, ngati sukudzikhulupirira, tumiza theka kwa amako, akasunge ku banki m'khonde yawo. Palibe manyazi pamenepo. Ine ndikanachita zimenezo bwenzi wotchi yanga ndili nayo.

Kiyi ya chipinda uziyenda nayo. Tiyi ndi buledi wam'mawa ngati zili kale pa mtengo wa chipinda, uzidzuka udye, usamagone mpaka atachotsa. Neti uzigwetsa ngakhale kukuzizira, udzudzu wa ku Zomba sudziwa kalendala. Ndipo mlonda uzimupatsa moni, umufunse za kwawo, tsiku lina umugulire chipisi. Anthu ovala masuti amadutsa mlonda ngati chitsa, koma usiku amene amaona wolowa ndi wotuluka ndi iyeyo. Mayi wokonza m'zipinda umufunse komwe iye amagula nsima ya masana, akulozera malo omwe mbale imadzaza pa mtengo wa munthu wamba.

Za mnzakoyo, umuuze mwaulemu kuti eni nyumba sakulola anthu awiri pa mtengo wa mmodzi. Si bodza ayi, palibe mwini gesiti hausi amene amakondwa nazo. Ngati akusowa ya basi, mugulire tikiti iwe mwini, umuperekeze mpaka minibasi inyamuke. Usamupatse m'manja. Mlendo ndi mame, amati, koma mame ake amenewa achedwa kuuma.

Usaganize kuti ndikufuna udzitsekere m'chipinda ngati wodwala. Ayi. Chimene chikundipweteka n'choti uli m'tauni yokongola kuposa matauni onse a dziko lino, ndipo chomwe waonako ndi khoma la botolo sitolo. Botolo sitolo ili paliponse, ngakhale pa Kampepuza ilipo. Phiri la Zomba lili ku Zomba kokha.

Loweruka likubwerali udzuke m'mamawa, uvale juzi ndi nsapato zolimba, ukwere phirilo. Pali njira ya wapansi yomwe alimi amatsikira ndi mbatata zawo, amaitcha Potato Path, aliyense akulozera poyambira. Imatopetsa, phirilo pamwamba pake ndi mamita pafupifupi 2,000, koma miyendo siilipiritsa. Mnzako akanati mutenge takisi mpaka ku Ku Chawe mukakhale pakhonde ndi mabotolo. Hotelayo uione ndithu, ndi yokongola, waima pamphepete penipeni pa phiri, koma mitengo yake ndi ya azungu ndi mabwana. Iwe tenga botolo la madzi, nthochi ndi mbatata yootcha. Pamwambapo pali damu la Mulunguzi, komwe kumachokera madzi omwe ukusamba kugesiti hausiko, ndi mathithi a Williams obisika m'mitengo. Anyamata amagulitsa sitiroberi ndi mabulosi m'mbali mwa msewu, ndi timiyala tonyezimira ta m'phirimo. Mtengo woyamba omwe angakuuze si mtengo, ndi moni chabe.

Ukafike pa Emperor's View, pomwe anaima mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia itabwera kuno mu 1965. Ine ndinafikapo ulendo wina, nditaphunzira kale nzeru, ndili ndi ana asukulu. Kukakhala kopanda nkhungu umaona tauni yonse pansi ngati mbale, nyanja ya Chilwa ikunyezimira, ndi phiri la Mulanje kutali. Mwana wina wa Sitandade 7 anandifunsa ngati kumwamba kumaoneka choncho. Ndinalephera kumuyankha. Koma miyezi ino chiperoni chimabwera mosalonjera, nkhungu imatseka njira mwadzidzidzi, ndiye ngati ukufuna kukafika ku dzenje la Chingwe tenga mmodzi wa anyamata operekeza alendo, mugwirizane mtengo musananyamuke. Imeneyo ndi ndalama yomwe sindingakudandaulire. Dzenjelo akuluakulu amati kale ankaponyamo anthu, ena amati adani a mafumu, ena amati odwala khate. Usayandikire kwambiri m'mphepete, ndipo usapiteko utalawa kanthu. Ukumva? Usapiteko ndi munthu amene walawa kanthu.

M'tauni momwemo muli zambiri zoti uone madzulo mukaweruka. Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975 pomwe boma linasamukira ku Lilongwe, ndipo aphungu anapitiriza kukumana komweko mpaka 1994. Nyumba zakale za boma zikadalipo m'munsi mwa phiri, pamodzi ndi munda wa mitengo ndi maluwa womwe mtsinje wa Mulunguzi umadutsamo. Polowa amalipiritsa pang'ono, osafika mtengo wa botolo limodzi. Ukhoza kukhala pamenepo ndi mabuku ako mpaka dzuwa kupendeka. Uyendenso ku University of Malawi, yomwe kale inali Chancellor College, uone komwe ndinkalakalaka ukanaphunzira, ngakhale sindikudandaula ndi komwe unapita.

Malo amodzi ndikukupempha ngati bambo ako. Potulukira ku Blantyre, pafupi ndi Cobbe Barracks, pali chipilala chachitali cha njerwa chokumbukira asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu la nkhondo la nthawi ya atsamunda) omwe anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Agogo anga anali a KAR, iwo anapita nkhondo yachiwiri, ku Burma, n'kubwerako ndi chifuwa chomwe sichinawasiye. Ankatiimbira nyimbo zoguba tikuotha moto, ife n'kumaseka osadziwa kanthu. Ukaime pamenepo pang'ono, uvule chipewa. Zithunzi uzijambula chipilala chokha, kamera usailozetse kwa asilikali kapena pageti pawo.

Ku Chilwa ngati nthawi ilipo upiteko Lamulungu ukatuluka m'tchalitchi. Amakwera za ku Kachulu, pomwe pali doko ndi mabwato opita ku chilumba cha Chisi. Nyanja imeneyo ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, nthawi zina imaphwa. Mu 1995 inauma anthu n'kumayenda pansi pomwe kunkadutsa mabwato, asodzi akungoyang'ana maukonde. Bwato ukaona ladzaza kwambiri usakwere, dikira lina.

Waona? Zonsezi ndakuwerengera, ukaphatikiza ndalama yake siifika yomwe unasiya pakauntala Loweruka limodzi lija. Ndipo pobwera ukhala ndi nkhani yoti ukamuuze mtsikana wa eni ake uja, yemwe akukudikira n'kumasoka zovala za chinkhoswe. Kodi ukamuuza chiyani, kuti Zomba ili ndi mabotolo obiriwira?

Mwina wakwiya pofika apa. Kwiya, koma werenga. Uli mwana unkagawa chakudya chako chonse kusukulu n'kubwera ndi njala, amako n'kumakukalipira, ine mumtima n'kumanyada. Mtima umenewo sindikufuna uutaye. Koma anthu ena amaununkhiza patali mtima woterowo, ngati ntchentche pa mango. Mnzako weniweni akadziwa kuti ukusunga ya chinkhoswe bwenzi iye ndi amene akukugwira dzanja kuti usadzuke kachitatu. Umuyese: umuuze kuti ndalama zatha, tiyeni tikwere phiri wapansi. Ukaone ngati adzuke m'mamawa.

Azakhali ako usawaimbire kuwakalipira. Upiteko ndi shuga ndi sopo, ukadye nawo nsima, uli m'tauni yawo sabata ziwiri osawaona, n'chifukwa chake nkhani yafika kuno isanafike kwa iwe.

Amako akuti uwagulire matemba a ku Chilwa ndi mpunga pang'ono kumsika waukulu, matembawo uwanunkhize kaye ndipo uone kuti ndi ouma bwino, usawaike m'chikwama chimodzi ndi zovala. Akutinso juzi yabuluu ija uzivala, anakuikira pansi pa chikwama. Pobwerera utsike pa Ntcheu ugone kuno usiku umodzi usanapitirire ku Lilongwe, ubwere ndi risiti ya kugesiti hausi ija ndiione. Lamulungu madzulo foni ndikhala nayo pafupi.

Ndine,
Bambo ako.