Lipoti la Msonkhano wa Zithunzi za Kugombe la England

A Wapampando ndi mamembala nonse, nazi zimene tapeza kumsonkhano munatituma uja, wokamba za zithunzi za penti wosungunula ndi madzi, wotchedwa watercolour.

Nkhani yaikulu inali ya gombe la Hastings. Kumeneko asodzi amakokera mabwato pamiyala ya kugombe, ndipo nsomba zinkagulitsidwa pomwepo. Joshua Cristall, mmodzi mwa mamembala oyamba a bungwe la ojambula la Society of Painters in Water Colours, limene linayamba mu 1804, anajambula msika umenewu. Thomas Rowlandson, amene anamwalira mu 1827, ankakonda kujambula anthu opita kukasangalala kugombe ku Brighton ndi ku Scarborough: ankayamba ndi mizere ya inki, penti wopyapyala n'kubwera pambuyo. Ife taona kuti mphamvu ya zithunzizi ndi anthu ali pantchito yawo. Nyanja ili kumbuyo chabe.

Pa kajambulidwe, mfundo imene okamba nkhani anaibwereza kwambiri ndi yoti choyera cha m'chithunzi ndi pepala lenilenilo. Thovu la mafunde, matanga a bwato ndi nsomba zonyezimira muzilembe ndi pensulo poyamba, burashi isafikepo. Pakadetsedwa, wojambula wotchuka J.M.W. Turner ankapala ndi mpeni kapena chikhadabo, koma njirayi imafuna pepala lolimba ngati la kampani ya Whatman.

Pepala lopepuka kuposa magalamu 300 pa sikweya mita limakwinyika likanyowa. Liviikeni m'madzi mphindi zochepa, mulimate mbali zonse zinayi pathabwa, liume lili chogona. Kenako pendeketsani thabwalo pang'ono, yambani ndi thambo kutsika m'munsi, mitundu yowala poyamba, yakuda pomaliza. Musabwerere pamalo amene ayamba kuuma, chifukwa madzi atsopano amakankha penti n'kusiya banga. Mukasakaniza mitundu yoposa itatu, chimatuluka ndi matope. Anthu ajambulidwe komaliza, pepala litaumiratu.

Osamala zithunzi anatichenjeza za kuwala. Akale ankapanga mtundu wotuwa posakaniza indigo (penti wa buluu) ndi penti wofiira. Indigo imasuluka, n'chifukwa chake thambo la zithunzi zina lero likuoneka lofiirira. Nyumba zosungira zithunzi zimaziika pa kuwala kosapitirira ma lux 50 (lux ndi muyeso wa kuwala).

Tikupempha komiti igule mapepala olemera ndi matabwa tisanapite kukajambula kunyanja, ndipo tiziyamba m'mamawa, chifukwa dzuwa likakwera penti amauma burashi isanafike m'munsi mwa pepala.