Kusesa Asomali onse ku Nairobi sikunagwire al-Shabaab

Akonzi,

Nthawi zonse mukalemba za al-Shabaab, gulu la zigawenga la ku Somalia, mawa lake mu minibasi mumamveka kuti Asomali onse ndi zigawenga bola kungowathamangitsa m'tauni nkhani yatha. Amene amayankhula zimenezi amakhala ngati palibe anayesapo, chonsecho Kenya inayesa kale ndipo sizinathandize.

Pa 21 September 2013, Loweruka masana, anyamata anayi okha amfuti analowa pa Westgate, chinyumba cha masitolo ku Nairobi, anthu ali pikitipikiti kugula zinthu, pamwamba poimika magalimoto pali ana pa mpikisano wophika. Anapha anthu 67, mmodzi mwa iwo Kofi Awoonor mlakatuli wa ku Ghana uja. Al-Shabaab inati ikubwezera poti asilikali a Kenya analowa m'Somalia mu 2011. Koma taganizani, anthu anayi basi, boma lonse linatenga masiku anayi kuti lithane nawo, apolisi ndi asilikali osamvana kuti akulamula ndani, kenako makamera a CCTV nkuwonetsa asilikali akutuluka mu sitolo ya Nakumatt atanyamula majumbo. Akuluakulu awo anati munali madzi akumwa. Ayi chabwino.

Ndiye mu April 2014 kunabwera chomwe anachitcha Usalama Watch, apolisi kusesa Eastleigh komwe kumakhala Asomali ambiri, khomo ndi khomo usiku, azimayi, ana, agogo, ena nzika za Kenya zenizeni zokhala ndi ziphaso, onse kukawaunjika pa sitediyamu ya Kasarani ndipo ena kuwakweza ndege kubwerera ku Mogadishu. Mabungwe a zaufulu analemba kuti wokhala ndi ndalama amapereka kangachepe nkutuluka, wosauka ndi amene amatsala. Nanga chigawenga chenicheni chimene chili ndi gulu kumbuyo kwake chingasowe ya chiphuphu?

Chaka chimodzi chokha chitadutsa, April 2015, a al-Shabaab anapha anthu 148 pa yunivesite ya Garissa, ambiri ana asukulu, ndipo mmodzi mwa akuphawo anali mwana wa mfumu ya boma la Kenya, wophunzira zamalamulo pa yunivesite ya Nairobi. Mu January 2019 anabweranso mu Nairobi momwemo pa hotela ya DusitD2 nkupha anthu 21, ndipo Ali Salim Gichunge amene ankatsogolera sanali Msomali nkomwe, anali Mkenya, bambo ake msilikali. Munthu ngati ameneyo mukanamupeza bwanji posesa Eastleigh? Kunena chilungamo pa Dusit achitetezo anachita bwino kusiyana ndi pa Westgate, anafika msanga nkupulumutsa anthu oposa 700, ndipo chimene chinasintha ndi kukonzekera komanso kumvana kwawo, osati zakuunjika anthu pa sitediyamu zija.

China chomwe chimandipweteka nchakuti amene aphedwa kwambiri ndi gululi ndi Asomali omwewo, Asilamu anzawo. Bomba la mu lole lomwe linaphulika pa mphambano ya Zoobe ku Mogadishu pa 14 October 2017 linapha anthu oposa 500 tsiku limodzi, mavenda, madalaivala, ana asukulu, anthu ongodutsa. Ambiri amene ali ku Eastleigh anathawa zimenezi, ndiye afike ku Nairobi muwatchulenso dzina la amene anawaphera abale? Komanso ukamuzunza munthu chonchi usayembekezere kuti akadzawona zokayikitsa kwa neba adzathamangira kupolisi, adzangotseka pakamwa, pomwe apolisi amadalira anthu omwewo kuti awatsine khutu.

Pempho langa kwa inu akonzi ndi lakuti mukamalemba nkhanizi muzitchula gulu lake, al-Shabaab, osangoti "Asomali" kapena "Asilamu" pamutu wankhani, chifukwa ambirife timangowerenga mutu basi nkuyamba kufowadi pa WhatsApp. Ndipo zikachitika ku Mogadishu muzitipatsako nkhani yonse ngati mmene mumachitira zikakhala za Paris kapena London, osati timizere titatu pansi pa tsamba.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe