Kamera ya lenzi yosachotsa siikwanira ntchito zonse kuno ku Tete

A Mkonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa makamera ang'onoang'ono odula, a lenzi imodzi yosachotsa, amene achinyamata athu ku Angónia, Tsangano ndi Moatize akuwasirira akamawaona pa TikTok ndi Instagram. Tikunena makamera monga Fujifilm X100VI ya mu 2024, Ricoh GR III ya mu 2019 ndi Leica Q3 ya mu 2023. Ubwino wake sitikuutsutsa. Koma amene akufuna kuyamba kujambula maukwati ndi zinkhoswe kuti azipezerapo chakudya asagulitse mbatatesi ya chaka chonse asanadziwe kuti kamera yotereyi imatha chiyani, nanga imakanika pati.

Mtengo wokha ngokhwima. X100VI itangotuluka inali pa madola 1,599, omwe ndi mametikali opitirira 100,000, musanaikepo zotumizira, msonkho wa pamalire ndi msonkho wa pa malonda wa IVA wa 16 peresenti. Leica Q3 inayambira pa madola 5,995. Makamera a Fujifilm a mtundu wa X100 anayambanso kusowa m'masitolo mu 2022, moti ogulitsa ena ankakweza mtengo kuposa wa kufakitale, ngakhale pa kamera yogwiritsidwapo kale ntchito.

Nkhani yaikulu ndi mtunda. X100VI ili ndi lenzi ya 23mm f/2, imene imaona ngati 35mm ya makamera a filimu (nambala ya mm ikakula, lenzi imakokera zinthu pafupi; ya f ikachepa, lenzi yatseguka kwambiri). Masamu ake ngosavuta: mukaima mamita awiri kuchokera pa chinthu, chithunzi chimatenga malo a mamita awiri m'litali ndi pang'ono kuchepera mita imodzi ndi theka m'mwamba. Kuti munthu woimirira alowe yense, imikani kamera choongoka ndipo muime mamita awiri. Banja la anthu khumi pamzere umodzi limafuna kuti mubwerere mamita asanu kapena asanu ndi imodzi. Pamenepa zonse zili bwino. Tsopano pitani ku bwalo la mpira. Wosewera amene ali mamita 30 kuchokera pomwe mwaima amatenga gawo limodzi lokha mwa magawo 12 a msinkhu wa chithunzi. GR III ndi Q3, zomwe zimaona ngati 28mm, zimamuchepetsa kuposa apo. M'tchalitchi chimodzimodzi: abusa kapena ansembe akakuuzani kuti muime kumbuyo, mphete simuiona. Pa Gule Wamkulu ndiye musanene. Simungalowe m'bwalo n'kukaima pamphuno pa chilombo, ndipo ngakhale mfumu ndi akuluakulu a mwambo atakulolani kujambula, malo anu ndi pakati pa oonerera.

Ena amati kamerayi ili ndi batani lokokera chithunzi pafupi. Lilipodi, koma limangodula m'mbali. Pa X100VI chithunzi chonse ndi ma megapixel 40. Mukasankha 50mm mumatsala ndi pafupifupi 20, mukasankha 70mm mumatsala ndi 10. Khumiwo ngokwanira kutsukitsa chithunzi choika mu alubamu, koma 70mm siifikabe pa golo ya kutsidya. Kulinso magalasi omangirira kutsogolo, WCL-X100 II ya 28mm ndi TCL-X100 II ya 50mm, koma ndi ndalama zina, ndipo kamera imaleka kulowa m'thumba. Komanso musayandikire nkhope ya munthu kufika theka la mita pofuna kuti idzaze chithunzi. Mphuno imakula, makutu n'kuthawira kumbuyo, ndipo mkwatibwi sadzakukhululukirani.

Kumene makamerawa amaposa anzawo ndi padzuwa, ndipo dzuwa kuno silisowa. Shata yake, kachitseko kolowetsa kuwala pojambula, ili m'kati mwa lenzi, timasamba tachitsulo totseguka pakati, osati chinsalu chodutsa kutsogolo kwa sensa (kachipangizo kolandira chithunzi) monga m'makamera ambiri osintha malenzi. Ubwino woyamba ngwakuti imangoti tcheke pang'ono, moti pa Misa kapena pa mwambo wa maliro palibe amene amacheuka. Wachiwiri ndi fulashi. Makamera a chinsalu aja amagwirizana ndi fulashi mpaka pa liwiro la shata la 1/200 kapena 1/250 ya sekondi basi, pomwe X100VI imagwirizana nayo ngakhale pa 1/2000. Masana dzuwa lili paliwombo, maso a munthu amalowa mumdima, makamaka akavala chipewa. Ikani ISO (muyeso wa mmene sensa imamvera kuwala) pa 125, f/4, 1/2000, yatsani kafulashi kake, muime mita imodzi ndi theka. Thambo limakhalabe lobiriwira ndipo nkhope imaoneka. Mukapitirira mamita awiri kafulashiko kamagonja, n'kofooka.

Mukafuna kuti kumbuyo kwa munthu kusungunuke, mumatsegula f/2. Pa dzuwa lomwelo f/2 imafuna 1/8000, koma shata ya masamba ija pa f/2 imathera pa 1/2000. Apa m'pamene fyuluta ya ND ya m'kati mwa kamera imagwira ntchito: imachepetsa kuwala ka 16, ndiye mumajambula pa 1/500 popanda chithunzi kupserera. Vuto lake ndi kuiwala. Mukalowa m'nyumba ND ili yoyaka, kamera imakweza ISO, zithunzi n'kutuluka zamchengamchenga. Iikeni pa batani lake lokha kuti muziyatsa ndi kuzimitsa osalowa mu menyu.

Pali kachinthu kena kamene otsatsa malonda satchula. Diresi loyera kapena khoma lopaka laimu limapusitsa kamera, imaganiza kuti kwawala kwambiri n'kudetsa chithunzi, ndipo nkhope zathu zakuda zimamira. Pa X100VI kagudumu kowonjezera kuwala kali pamwamba, pafupi ndi chala chachikulu. Kapotozeni kufika +2/3 kapena +1, uku mukuyang'anira kuti maluwa osokedwa pa diresi asafufutike. Mitundu ya JPEG yake imatuluka yokoma kale, moti mutha kutumiza zithunzi ku foni, n'kupatsira eni mwambo pa WhatsApp tsiku lomwelo popanda kompyuta. Kwa amene alibe laputopu, ichi n'chachikulu.

Zoti X100VI imagwira sensa kuti isagwedere n'zoona, ndipo madzulo mutha kujambula nyumba kapena mlatho wa Samora Machel pa 1/8 muli chogwirira m'manja. Koma imaletsa kunjenjemera kwa dzanja lanu, osati kuyenda kwa munthu. Wovina amafunabe 1/500.

Tsopano fumbi, lomwe kwa ife ndilo liyenera kugamula nkhani yonseyi. Anthu amaganiza kuti poti lenzi siichoka, fumbi sililowa. Limalowa. Lenzi ya GR III imatuluka mukayatsa kamera n'kubwerera mukazimitsa, ndipo ikamatero imakoka mpweya ndi zonse zili mumpweyamo. Kuiika m'thumba la buluku, momwe muli ulusi ndi dothi, n'kuiitanira mavuto. Ili ndi njira yogwedeza sensa kuti fumbi ligwe, koma lomatirira silichoka. Lenzi ya X100VI siibwerera m'kati, komabe mbali yake ya kutsogolo imayenda ikamasaka fokasi, ndipo Fujifilm yomwe imanena kuti kamerayi imatetezeka ku fumbi ndi madontho pokhapokha mutamangapo mphete ya AR-X100 ndi fyuluta ya 49mm. Ziwirizi zimagulidwa padera. Amene ali ku Moatize, komwe fumbi la malasha limalowa ndi m'nyumba momwe, kapena amene amayenda pa njinga yamoto m'misewu ya dothi ya ku Macanga ndi Chifunde m'chilimwe, amange fyulutayo tsiku loyamba ndipo asaichotsenso.

Pa kamera yosintha malenzi, fumbi likafika pa sensa mumachotsa lenzi, n'kupemerera ndi kampira kopopera mpweya, nkhani yatha. Pa iyi palibe khomo. Mmisiri ayenera kuimasula yonse, ndipo si ntchito ya wokonza mafoni pamsika, chifukwa lenzi ndi sensa zinalunzanitsidwa kufakitale. Zikasuntha pang'ono mbali imodzi ya chithunzi imachita chimbuuzi. Ndiye kuti kamera ikuyenda ulendo wautali, mwina mpaka ku Johannesburg, inu mutakhala opanda chogwirira ntchito. Ikagwa n'kupindika lenzi, zimakhala ngati khasu lomwe mpini wake sukhuluka: chathyoka chimodzi, zapita zonse.

Musanalipire kamera yakale, iyeseni motere. Ikani f/16, lozani kuthambo lopanda mitambo kapena pa pepala loyera, jambulani zithunzi ziwiri mukusuntha pang'ono, kenako zikulitseni. Kadontho kakuda kokhala pamalo amodzimodzi m'zithunzi zonse ziwiri kali pa sensa. Pa f/2 kapena f/2.8 sikaoneka, n'chifukwa chake wogulitsa wochenjera amakuonetsani zithunzi za pamenepo zokha. Unikaninso m'lenzi ndi tochi ya foni. Mukaona timizere tonga ulusi wa kangaude, chimenecho ndi chuku, chomwe chimakonda chinyontho cha dzinja monga cha ku Ulongwe ndi Tsangano. Yanu muziisunga m'kabokosi kotseka bwino, muli timapaketi toyamwa chinyontho ta silica gel.

Batire ndi laling'ono poti kamera nayo ndi yaing'ono. La GR III limajambula zithunzi pafupifupi 200. La X100VI, NP-W126S, limafika 310 mukamayang'anira pa kasikirini ka m'diso la kamera, ndi 450 mukamayang'anira pa galasi lake wamba. Ukwati wa tsiku lonse umafuna mabatire atatu. Ubwino wake zonse zimatchajidwa ndi USB-C, kotero power bank kapena sola ya panyumba imakwanira kumudzi kopanda magetsi. Za kutentha, Fujifilm imalemba kuti kamera yake igwire ntchito pakati pa 0 ndi 40 digiri. Mumzinda wa Tete mu Okutobala ndi Novembala kumapyola pamenepo. Vidiyo yaitali ya 4K nthawi imeneyo imatenthetsa kamera mpaka kudzizimitsa, ndipo kuisiya pa dashibodi ya galimoto kumapha batire.

Chomaliza chodetsa nkhawa ndi memori khadi. Makamera atatu onsewa ali ndi malo a khadi imodzi. Ikafa, ukwati wa eni ake wapita, ndipo subwerezedwa. Makhadi otchipa a pamsika ena ndi achinyengo, olembedwa 64GB pamene m'kati muli zochepa. Gulani kwa wogulitsa wodziwika, tengani awiri kapena atatu a 32GB m'malo mwa imodzi yaikulu, ndipo muzisintha pochoka kutchalitchi kupita ku madyerero.

Mtolankhani, wogwira ntchito za chitukuko m'midzi, kapena wojambula amene ali kale ndi kamera ina ndipo akufuna yachiwiri yopepuka, ameneyu agule. X100VI imalemera magalamu 521, GR III 257, ndipo anthu sauma thupi akaiona monga amachitira ndi chikamera chachikulu. Woyamba kumene atenge ndalama zomwezo agule kamera yakale yosintha malenzi, lenzi ya 18-55mm, ina ya 50mm f/1.8, fulashi yomangirira pamwamba ndi mabatire awiri, ndipo chenji chitsalabe choyendera pa chapa kupita ku ntchito zoyamba.

Ife ojambula zithunzi,
Ulongwe, Angónia