Ufa wa chammwamba usalowe m'malo mwa mapiritsi a kusikelo

A Mkonzi,

M'misika ndi pa WhatsApp mwadzaza ufa wa chammwamba ndi makapisozi a zitsamba omwe ogulitsa akuti ndi owonjezera magazi. Chondidetsa nkhawa n'chakuti amayi ena oyembekezera akusiya mapiritsi a kusikelo n'kumadalira zimenezi.

Supuni yaikulu imodzi ya ufa wa chammwamba imakhala ndi ayironi, mchere umene thupi limapangira magazi, pafupifupi mamiligalamu 2. Mayi woyembekezera amafunika mamiligalamu 27 patsiku, ndipo piritsi la kusikelo nthawi zambiri limakhala ndi mamiligalamu 60 pamodzi ndi vitamini wotchedwa folic acid. Komanso pa ayironi wa m'zomera thupi limangotapako pang'ono, kusiyana ndi wa m'chiwindi, nyama kapena usipa. Chammwamba ndi chakudya chabwino ndithu, koma kwa munthu amene zikhatho ndi m'kati mwa zikope mwayera kale, amene akuchita phuma pokwera kamtunda, sichingakwanire.

Choyamba n'kukayezetsa. Hemoglobin, yomwe amayeza kuchipatala kuti adziwe kuchuluka kwa magazi, ikatsika pansi pa 11 kwa mayi woyembekezera, kapena pansi pa 12 kwa mayi amene alibe pakati, magazi achepa. Koma gwero silikhala kusowa kwa ayironi nthawi zonse. Malungo, njoka za m'mimba, likodzo ndi kutaya magazi ambiri posamba zimamaliza magazi, ndipo palibe ufa umene ungaphe njoka. Wodwala sickle cell asamwe ayironi popanda dokotala.

Amene akugula makapisozi awerenge pabotolo mawu akuti elemental iron, kutanthauza ayironi weniweni amene alimo, ndi nambala yake. Ngati nambalayo palibe, asiyeni. Ena olembedwa kuti ndi a zomera ali ndi ferrous gluconate wothiridwamo, mankhwala a mtundu umodzi ndi a kuchipatala, kungoti mtengo wake ndi wokwera.

Pophika mpamene timataya zambiri. Bonongwe, chisoso, khwanya ndi nyemba zili ndi ayironi, koma zimafuna vitamini C kuti thupi limutenge: finyirani ndimu m'ndiwo mukatsala pang'ono kuphula, kapena idyani gwafa kapena malambe pa chakudya chomwecho. Soda amene timathira m'nkhwani kuti ifewe amawononga vitamini C ameneyu. Nyemba zigone m'madzi usiku wonse, madziwo muwataye musanaphike. Tiyi amatchinga ayironi, choncho padutse ola limodzi kapena awiri pakati pa tiyi ndi chakudya kapena piritsi.

Ambiri amasiya mapiritsi chifukwa cha nseru, kudzimbidwa ndi chimbudzi chakuda. Kudako si matenda. Nseru imachepa mukamwa piritsi mutadya kapena pogona. Magazi akabwerera mwakale musasiye, pitirizani miyezi ina itatu kuti thupi lisungenso ayironi. Ndipo musunge mapiritsiwo poti mwana sangafike, chifukwa mapiritsi angapo a ayironi akhoza kupha mwana wamng'ono.

Ine wanu,
Mlangizi wa za kadyedwe,
Dedza