Lipoti la msonkhano wa zokonzanso moyo madzi osefukira akaphwa

Atcheyamani ndi mamembala nonse a komiti, zikomo pondituma. Ndabwerako bwino, ndipo nazi zimene ndakutengerani.

Za kupulumutsa anthu ndi maboti sitinachedwepo, chifukwa pamenepo aliyense amathamanga. Tinakhazikika pa miyezi yotsatira, atolankhani atabwerera kwawo, thandizo litayamba kuchepa, koma mabanja akugonabe m'makalasi, madesiki ataunjikidwa pakona, ana osaphunzira.

Tinaunika kwambiri za Pakistan. Mu 2022 madzi anakhudza anthu 33 miliyoni, ndipo oposa 1,700 anamwalira. M'chigawo cha Sindh madziwo anadikha kwa miyezi, udzudzu n'kuswana. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti odwala malungo m'dzikolo anachoka pa 500,000 mu 2021 kufika 2.6 miliyoni mu 2022. Onjezanipo zimbudzi zimene zimasefukira n'kuthira m'zitsime, muona chifukwa chake maliro amapitirira mvula itasiya kale.

Nkhani ya ndalama inandiwawa. Mu Januwale 2023 ku Geneva, Pakistan analonjezedwa madola oposa 9 biliyoni, koma zambiri mwa ndalamazo zinali ngongole. Namondwe Idai atawononga ku Mozambique mu 2019, dzikolo linkafuna madola 3.2 biliyoni, pamsonkhano wa ku Beira malonjezo anangofika 1.2 biliyoni. Tisamapange mapulani athu podalira malonjezo.

Pamene panavuta ndi pa kusamutsa anthu. Ena ankati okhala m'mbali mwa mitsinje ndi osamva, akuuzidwa kuti akwere kumtunda koma akubwerera. Ine ndinaimirira kutsutsa. Munthu mwamupatsa malo omangapo nyumba, koma munda palibe, mjigo palibe, sukulu ndi chipatala zili kutali. Adya chiyani? Abwerera kudimba kwake, ngakhale mchenga utakwirira nthaka mpaka m'mawondo. Mgwirizano wa Sendai wa 2015, umene mayiko anapangana pofuna kuchepetsa ngozi zogwa mwadzidzidzi, umalimbikitsa kumanganso molimba kuposa kale, ndipo ndikugwirizana nazo, koma nyumba yolimba yopanda pogwira khasu siisunga banja. Ambiri anavomereza, ngakhale sitinamvane za amene ayenera kupereka minda yatsopanoyo.

China chimene sitichiganizira kawirikawiri ndi mapepala. Madzi amakokolola ziphaso, makadi a kuchipatala ndi zikalata za malo. Tsiku lolemba mayina a olandira thandizo, agogo amene alibe chiphaso amasiyidwa, ndipo amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku amadukiza.

Ndikupempha kuti mvula isanayambe tilembe kaundula wa mabanja onse, tionetse okalamba, olumala, amayi oyembekezera ndi odwala matenda a mgonagona, kenaka tisunge kope lina pafoni ndi lina pamalo okwera. Tigwirizanenso malo othawirako amene si sukulu, ndipo tisankhe anthu oyang'anira zitsime ndi klorini. Ndikupempha Atcheyamani kuti aike mfundozi pamndandanda wa zokambirana pamsonkhano wathu ukubwerawu.