Kalata yotseguka kwa Mkulu wa bungwe la PMRA pa nkhani ya Cipro

Bwana Mkulu,

Ndine mmodzi mwa amene amaona odwala m'zipatala zazing'ono za m'dziko muno, ndipo pempho langa ndi lakuti bungwe lanu, limene lamulo la 2019 linalipatsa mphamvu zoyang'anira mankhwala, ligwire ndi manja awiri nkhani ya ciprofloxacin, mankhwala opha mabakiteriya amene ambiri amangoti Cipro. Cipro ndi mankhwala oyenera kuperekedwa pokhapokha dokotala atalemba. Koma inu mukudziwa, monganso ine, kuti munthu akhoza kulowa m'masitolo ena a mankhwala, ngakhale kupita pamsika, n'kugula mapiritsi anayi a Cipro popanda womufunsa kanthu. Wotsekula m'mimba amagula, womva kuwotcha pokodza amagula, wa chimfine nayenso amagula, chikhalirecho chimfine chimabwera ndi vayirasi imene Cipro saikhudza n'komwe.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi taifodi. Ku Blantyre, ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akuyeza magazi a odwala a ku chipatala cha Gulupu kuyambira 1998. Kwa zaka zambiri ankapeza taifodi mwa anthu pafupifupi 14 pachaka. Mu 2011 anapeza 67, ndipo mu 2014 anafika 782. Chinasintha n'chakuti kunalowa mtundu wa kachilombo wotchedwa H58, umene sumva chloramphenicol, amoxicillin ngakhale Bactrim, mankhwala atatu otsika mtengo amene tinkadalira. Amene anatipulumutsa ndi Cipro, chifukwa ndi wakumwa, sadula, ndipo amalowa mpaka m'kati mwa maselo a thupi momwe kachilombo ka taifodi kamabisala. Mwana akhoza kumwera kunyumba n'kuchira asanabooke matumbo. Cipro akadzatha mphamvu, akumwa amene tidzatsale nawo kwenikweni ndi azithromycin, kenako jakisoni wa ceftriaxone amene amafuna namwino tsiku ndi tsiku. Ku Pakistan, m'chigawo cha Sindh, kuyambira 2016 kuli taifodi wosamva Cipro ndi ceftriaxone yemwe. Katemera wa taifodi amene anayesedwa ku Ndirande ndi Zingwangwa, n'kuyamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2023, ndi chinthu chamtengo wapatali, koma amene wadwala kale amafunabe mankhwala ogwira ntchito.

Ndipo zizindikiro zilipo kale. Kafukufuku wa ku Gulupu komweko anaonetsa kuti pakati pa 2003 ndi 2016, mabakiteriya a E. coli opezeka m'magazi osamva Cipro anakwera kuchoka pa 2.5 peresenti kufika pa 31 peresenti, ndipo a Klebsiella anachoka pa 1.7 peresenti kufika pa 70 peresenti.

Ndiloleni ndifotokoze pang'ono mmene mankhwalawa amagwirira ntchito, pakuti m'menemo ndi momwe muli chifukwa chimene mapiritsi anayi aja alili oopsa. Cipro ali m'gulu la ma quinolone. Woyamba wa gululi, nalidixic acid, anapezedwa ndi George Lesher ndi anzake mu 1962 kuchokera pa ntchito yopanga chloroquine, ndipo ankathandiza matenda a njira ya mkodzo okha. Atawonjezera kemikolo yotchedwa fluorine ndiye panabadwa amphamvu amene tikugwiritsa ntchito lero: ciprofloxacin, levofloxacin, moxifloxacin. DNA ya bakiteriya ili ngati chingwe chachitali chopotanapotana. Kuti bakiteriyayo aswane, ali ndi tizida tiwiri, DNA gyrase ndi topoisomerase IV, timene timadula chingwecho, kuchimasula, n'kuchilumikizanso. Quinolone amagwira tizidato titangodula, chingwe n'kutsala chodukaduka, bakiteriya n'kufa. Koma zimenezi zimadalira kuchuluka kwa mankhwala m'magazi. Akachepa, amafa ndi mabakiteriya ofooka okha. Amene kachida kawo kasintha pang'ono amatsala, amaswana, ndipo kusintha kwachiwiri kukabwera mankhwala sagwiranso. Choipitsitsa n'chakuti bakiteriya akaphunzira kuzemba quinolone mmodzi, amakhala wayamba kale kuzemba abale ake onse.

Apa ndiye pamene nkhaniyi ikukhudzira chifuwa chachikulu. Levofloxacin ndi moxifloxacin ndi msana wa chithandizo cha TB yosamva mankhwala. Ndondomeko ya miyezi 6 imene WHO, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, inavomereza mu 2022 ili ndi moxifloxacin m'kati. Munthu amene wakhala akutsokomola milungu itatu akagula quinolone yekha, chifuwa chimayamba chaleka pang'ono chifukwa mankhwalawa amakhudzadi kachilombo ka TB. Iye amati wachira, sapita kukayezetsa makhololo, amapitiriza kupatsira a m'nyumba mwake. Akadzafika kuchipatala mochedwa, kachilombo kamakhala kalawa kale mankhwala amene tikanamusungira.

Wogula pakauntala samauzidwanso za kuopsa kwake. Ma quinolone amatha kutupitsa kapena kudula mtsempha wa kumbuyo kwa chidendene, makamaka kwa anthu opitirira zaka 60 ndi amene akumwa prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa. Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linaika chenjezo lalikulu pa zimenezi mu 2008. Mu 2016 linanena kuti asamaperekedwe pa matenda wamba a m'mphuno, a chifuwa ndi a mkodzo ngati pali mankhwala ena, ndipo mu 2018 linachenjezanso za kung'ambika kwa mtsempha waukulu wa magazi wochokera kumtima. Mayiko a ku Ulaya nawonso anakhwimitsa malamulo awo mu 2019. Palinso dzanzi ndi kuwotcha kwa mapazi kumene kwa ena sikutha. Wodwala shuga amene akumwa glibenclamide shuga wake akhoza kutsika mwadzidzidzi. Wa mphumu amene ali pa aminophylline akhoza kukomoka. Wogulitsa wosaphunzira za mankhwala angafunse bwanji zonsezi?

Ngakhale amene walembedwa bwinobwino ndi dokotala nthawi zina amataya mankhwala osadziwa. Cipro amamatirirana ndi calcium, iron ndi magnesium m'matumbo, ndipo akatero salowa m'magazi mokwanira. Munthu akamwera mkaka kapena chambiko, akamwa pamodzi ndi mapiritsi owonjezera magazi, kapena ndi magnesium trisilicate amene timapereka pa chilungulira, ndiye kuti wamwa mankhwala ochepa, ndipo tabwereranso ku vuto lija la mabakiteriya otsala. Langizo lake ndi losavuta: amwe Cipro maola 2 asanamwe zimenezi, kapena padutse maola 6 atamwa. Koma kapepala ka m'bokosi kamakhala m'Chingerezi cha timalemba ting'onoting'ono, ndipo ambiri salandira n'komwe kapepalako, amangolandira kathumba kolembedwa kuti m'mawa ndi madzulo.

Nkhuku nazo zisaiwalike. Enrofloxacin amene alimi amathira m'madzi a nkhuku ndi wa gulu lomweli, ndipo m'thupi la chiweto gawo lina limasanduka ciprofloxacin. Ena amathira pofuna kuthana ndi chitopa, chimene ndi vayirasi.

Sindikunena kuti Cipro achotsedwe. Pa kamwazi, pa taifodi, pa matenda a impso, mankhwalawa apulumutsa anthu ambiri ndipo ndimawalemba ndithu. Ndikudziwanso chimene chimakankhira anthu kumsika: chipatala chili kutali, mzere ndi wautali, ndipo kawirikawiri amauzidwa kuti mankhwala atha, akagule. Zimenezo ndi za Unduna wa Zaumoyo, ndipo tidzawauza. Koma WHO inaika ma quinolone m'gulu la Watch kuyambira 2017, kutanthauza mankhwala ofunika kuwalondera, ndipo m'dziko muno mlonda wake ndinu.

Choncho ndikupempha kuti oyendera a bungwe lanu akamalowa m'sitolo ya mankhwala, aziyerekeza Cipro amene walowa ndi makalata a dokotala amene asungidwa, ndipo amene akugulitsa popanda kalata alandire chilango chimene lamulo limanena, mayina awo alengezedwe. Mutsatenso kumene ogulitsa pamsika amapeza katundu wawo, chifukwa kulanda mapiritsi kwa wogulitsa mmodzi n'kusiya womupatsa sikuthetsa kanthu. Lamulani kuti paketi iliyonse ya quinolone izikhala ndi chenjezo lalifupi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka: osamwera mkaka, malizani onse, chidendene chikayamba kupweteka lekani ndipo thamangirani kuchipatala. Ndipo mukhale pansi ndi a zaulimi kuti enrofloxacin azigulitsidwa pokhapokha mlangizi wa ziweto atavomereza.

Tikufuna timve kuchokera kwa inu, poyera, kuti mwa zimenezi ndi ziti zimene bungwe lanu liyambe chaka chino.

Ine wanu,
Wogwira ntchito zachipatala, Chigawo cha Kummwera